Dzira Limodzi la Salimoni

Nkhaniyi anandiuza ndi Rodwell, amene amakolopa ku eyapoti ya Dublin, tsiku lina mu Novembala tili pasiteji, iye akudikira basi ya ku Finglas, kamvula kakuwaza. Akuti zinamuchitikira mlamu wake, Tisungane.

Tisungane ankagwira ntchito m'khitchini ya lesitilanti ina ku Rathmines. Ntchito yake inali yokonza mazira a salimoni, nsomba yomwe imakulira m'nyanja koma ikafuna kuswa imakwera mtsinje womwe inabadwiramo, monga amachitira mpasa kwathu. Mazirawo amabwera ali m'kathumba kake. Iye ankawaviika m'madzi ofunda, n'kuwafikisa pa sefa mpaka atayoyoka limodzilimodzi, ofiira ngati mikanda, kenako n'kuwathira m'madzi amchere. Mkulu wa ophika, Eleanor, anali ndi lamulo lake: mchere sayeza ndi wotchi, amayeza ndi lilime.

Vuto linagona pamenepo. Tisungane anali ndi pakati pa miyezi itatu, atapita padera kawiri konse. Mayi ake anali atamulangiza pafoni kuti ulendo uno asayerekeze kudya dzira, kaya la nkhuku kaya la chiyani, komanso kuti pakati salengeza pasanaoneke, anthu angapamange. Ndiye ankangonamizira kulawa, mpaka tsiku lina mazira anawawa mchere, mbale zinayi n'kubwezedwa. Eleanor anamuimirira, supuni kumanja, kumufunsa ngati pali chifukwa chomwe sakulawira. Zinatsala ziwiri: kuulula mimba kapena kumeza dzira. Anatola limodzi lokha.

Silinaphulike palilime monga amachitira anzake. Linaterereka lathunthu, ndipo analimva likutsika, lozizira, mpaka linakakhazikika pansi pa mchombo.

Mimba ija inagwira. Chodabwitsa n'chakuti mwanayo sankagunda kunyumba kapena kuntchito, koma basi ikamadutsa pamlatho wa mtsinje wa Tolka. Tisungane anayamba kumatsikira pomwepo, n'kuima pamlathopo kuti angomva kuti mwana ali moyo.

Anabadwa wamwamuna, wonenepa bwino, namutcha Yamiko. Zaka ziwiri zinatha bwinobwino. Chachitatu, masamba atayoyoka mu Novembala, nthawi yomwe salimoni amakwera mitsinje kukaswa, mwana anasiya kudya. Sankalira, sankatentha thupi, madokotala sanapeze kanthu. Ankangoima pawindo loyang'ana kumtsinje, kamwa ikutseguka n'kutsekeka pang'onopang'ono.

Tsiku lina masana, Tisungane akuyenda naye m'mbali mwa Tolka, mwanayo anapulumuka m'manja. Mayi anamupeza madzi ali m'chiuno, akulimbana nawo kulowera komwe amachokera. Atamuvuula, mwana amene ankayankha m'Chingerezi chokha anamuyang'ana osaphethira, nayankhula Chichewa chomveka ngati cha munthu wamkulu.

"Amayi, munangondisunga. Kwathu n'kumtunda."

Tisungane anasamukira kutali ndi mtsinje, n'kusiya ntchito ija. Mwanayo akali naye, ndipo miyezi khumi ndi umodzi amadya n'kusewera ngati anzake. Ukafika Novembala, mayi amatenga tchuthi, amakhoma zitseko, makiyi n'kuwavala m'khosi. Akuti chaka chilichonse mwanayo amakula mphamvu.

Ine ndayenda, ndamva zambiri, koma iyi ndimaikayikira. Ana ambiri amakonda madzi, ndipo Rodwell pamtsinje paja panalibe. Ndinamupempha kuti andiperekeze ndikamuone Yamiko, iye anangoti mwezi uno sizitheka, n'kukwera basi yake.