Imfa ya Khumi ndi Chiwiri ya Madamu Beryl

"Nditumeni china chilichonse, Madamu, koma ichi ayi," anatero Zakiya, akubweza foni patebulo ngati yamuotcha.

Madamu Beryl anali atagona kale pabedi, imvi zawo atazisokoneza dala, zodzola zonse atapukuta. Anali mayi wa zaka 80 wochokera ku Australia, ndipo theka la moyo wawo anathera m'masewero a pa TV. Sanakhalepo mwini sewero. Iwo ankangokhala namwino wolusa, neba wamiseche, kapena azakhali obwera pa ukwati osaitanidwa, moti kwawoko anthu ankaidziwa nkhope yawo koma dzina ayi. Chiuno chitayamba kuwavuta, mwana wawo Nick anawatengera ku Oud Metha kuno ku Dubai, n'kulemba ntchito Zakiya kuti aziwasamalira.

Panadutsa zaka zisanu popanda wowaitana kukachita sewero. Ndiye sabata imeneyo kunabwera uthenga woti m'sewero lina akufuna gogo woti amwalire m'chipatala, mwana wake wamkazi akumulankhula. Ofuna malowo anayenera kudzijambula pa foni n'kutumiza isanakwane folo koloko Lachinayi. Lachinayi lake linali lomweli, thu koloko itadutsa kale, ndipo Nick anali pa ulendo.

"Ndafa kale kakhumi ndi kamodzi, mwana wanga," anatero Madamu akumwetulira. "Kawiri anandithira poizoni, kamodzi inandigunda basi. Si ine ndili panoyu? Iwe ungogwira foni n'kumawerenga mawu a mwanayo."

"Kwathu munthu wamkulu sagona n'kumayerekeza imfa, Madamu. Amenewo ndi malodza."

Zakiya anathawira kukhitchini, komwe anapeza Faruku, dalaivala wa Nick, akumwa tiyi pothawa dzuwa. Nayenso anali wa ku Machinga ngati Zakiya, ndipo makutu ake sankaphonya kanthu.

"Achemwali, wakwata kwa mphenzi saopa kung'anima," anatero Faruku. "Munkadziwa kuti ntchito ya agogowa ndi kunama. Yalla, fulumirani, kawapheni. Inshallah adzuka nthawi ya tiyi."

"Pakamwa panupo padzakupweteketsani, achimwene."

Faruku anati ayankhe, koma ataona maso a Zakiya anangomeza tiyi wake. Anakumbukira. Chaka chatha, mayi ake a Zakiya anamwalira kumudzi iye akuonerera pa foni m'khitchini momwemo. Mng'ono wake ndiye ankagwira foniyo, netiweki ikungodukaduka. Chithunzi chitabwereranso komaliza, anali atawafunditsa kale nsalu mpaka kumutu. Madamu sankazidziwa zonsezi. Anangouzidwa kuti kwa Zakiya kwagwa zovuta.

Zakiya anabwerera kuchipinda kuti akakane komaliza. Anapeza Madamu akuyesa kuimika okha foni pa pilo, foniyo n'kumangogwa chafufumimba. Anayesa katatu iye ataima pakhomo.

"Sadzandiitananso, Zakiya," anatero Madamu osatembenuka. "Ndikudziwa. Ndimangofuna nditagwirako ntchito kamodzi kokha, ndisanakhale munthu wongomwetsedwa mankhwala."

Chisoni chinamugwira Zakiya. Anatola foni ndi pepala la mawu, n'kuima kumapazi kwa bedi.

Poyamba zinkayenda. Anawerenga Chingerezicho mouma ngati mwana wa sukulu. Koma galu wamkota sakandira pachabe, ndipo mayiwa ntchito yawo ankaidziwadi. Mpweya wawo unasintha, unayamba kubwera motalikirana. Zala zinayamba kutolatola bulangeti ngati zikusankha mpunga. Maso anayendayenda kufunafuna munthu, osamupeza. Kenako zonse zinangoti zii.

Foni inagwa. Zakiya sanadziwe kuti wafika bwanji kumutu kwa bedi, anangozindikira atagwada, atawagwira nkhope ndi manja onse awiri.

"Amayi, ndabwera," analira m'Chichewa. "Ndine Zakiya, amayi. Ndabwera."

Anawatseka zikope ndi chala, milomo yake ikunong'ona mawu amene Msilamu amanenera munthu wotsirizika.

Madamu anatsegula diso limodzi. "Wajambula?"

Atatola foni ija, anapeza kuti imfa yokomayo sinaoneke. Munali denga lokhalokha ndi kulira kwa Zakiya. Hafu pasiti fili inali itakwana. Madamu anakweza mutu kuti akalipe, poti ukali anali nawo, koma anaona mmene mapewa a mtsikanayo ankagwedezekera.

"Umanena chiyani m'chinenero chako chija?" anafunsa.

Zakiya anawauza zonse: za khitchini, za netiweki, za nsalu. Ananena kuti chimene chimamudya mpaka lero si imfayo, poti imfa ndi ya Mulungu, koma kuti mayi ake ankafunafuna dzanja lake iye atagwira foni.

Madamu anayamba kuwongola imvi zawo ndi zala.

"Ine ndimafa anthu n'kuwomba m'manja, kenako timakadya nkhomaliro," anatero. "Ndinaiwala kuti ena samadzuka. Pepa, mwana wanga. Khalas, basi, tizisiye. Apeza gogo wina."

Anatembenukira kukhoma. Zakiya anayang'ana msana wawo wochepawo, n'kuyang'ana wotchi. Anapukuta m'maso ndi nsonga ya mpango, n'kupita pakhomo.

"Achimwene, tabwerani kuno. Sambani m'manja kaye."

Faruku analowa mwamanyazi, poti m'chipindamo anali asanapondemo. Zakiya anamupatsa foni n'kumuuza poti aime.

"Mukaigwetsa, mundiona," anatero. "Ine manja angawa ali ndi ntchito ina."

Anakoka mpando, anakhala pambali pa bedi, n'kusokonezanso imvi za Madamu monga zinalili. Pepala analiika pa bondo. Kenako anatenga dzanja lawo lozizira n'kulifumbata.

"Tiyeni, Madamu. Yambani."

Anatumiza kutatsala mphindi zisanu ndi imodzi. Faruku anaika foni patebulo n'kutuluka osaseka ngakhale pang'ono. Madamu sanachotse dzanja lawo, Zakiya nayenso sanalisiye, ndipo tiyi wa tsiku limenelo anamwedwa dzuwa litalowa.