Nkhuni za Ukwati wa Happiness

Panali chinthu chimene Iness anali asanauzepo munthu, ngakhale mayi ake omubala: mawu aja iye sankawadziwa. Anangopeka.

Munali mu Ogasiti, atangolemba kumene mayeso a Folomu 4. Msuweni wake Happiness, mwana wa azakhali ake, ankakwatiwa, ndipo wapampando wa komiti ya ukwati, a Kenny, mkulu wake wa mkwati, anagawa pepala lotaipa losonyeza ntchito ya aliyense. Bambo ake a Iness, a Nakhumwa, anamuitanira kuseri kwa nyumba n'kulitulutsa m'thumba la malaya.

"Mayi, tandiwerengera apa pali dzina langapa. Kumsonkhano ndinangovomera, ndinachita manyazi kufunsa."

Panalembedwa kuti logistics. Iness anawayang'anitsitsa mawuwo, m'mutu muli zii. Sanakumanepo nawo m'kalasi. Koma bambo ake ankamuyang'ana ndi nkhope ija amakhala nayo akamauza anzawo kudimba kuti mwana wawo Chingerezi amachita kumwa. Ndiye anawadula mawuwo pakati. Log ndi chipika. Kumapetoko kunkamveka ngati sticks, timitengo.

"Ndi nkhuni, ababa. Zipika ndi timitengo tomwe."

"Basi? Nanga osangolemba kuti nkhuni bwanji? Anthu a m'tauniwa!"

Sabata yonse a Nakhumwa ankalawirira ndi njinga kukatema bulugama wawo kutsidya kwa mtsinje wa Domasi. Mulu unakwera mpaka kufika padenga la khitchini. Lachitatu a Kenny anaimba foni kufunsa ngati za lojisitiki zikuyenda. "Musade nkhawa," anayankha a Nakhumwa, "kwangotsala maulendo awiri." Iness anamva zonsezo akutsuka mbale. Aphunzitsi ake akale amakhala nyumba yachitatu kuchokera kwawo, ndipo dikishonale ali nayo. Tsiku lililonse Iness ankati apita kukawafunsa mawa.

Loweruka m'mawa amayi a nsalu zofanana anadzaza pamsewu, kuimba mpaka mawu kusasa. Lole yowanyamula sinabwere. Mipando ndi tenti zinali zidakali kumene anabwereka, pamene madyerero anali ku Naisi. A Kenny anatulukira thukuta lili kamukamu, tayi ali m'manja.

"Achimwene, lole ili kuti? Galimoto ya mkwatibwi ili kuti?"

"Lole? Ine ntchito yanga ndamaliza. Nkhuni ndi izo."

Wina anaphulika kuseka, ena onse n'kutsatira. A Kenny sanaseke.

"Lojisitiki si nkhuni, bambo! Ndi kuonetsetsa kuti anthu ndi katundu anyamuka apa, afika apo, pa nthawi yake. Anakunamizani ndani?"

Iness anali chapomwepo, atanyamula beseni la mpunga wa ukwati. Bambo ake sanamuyang'ane n'komwe.

"Ndinangoganiza ndekha," anatero.

Happiness anapita kutchalitchi pa njinga yamoto ya kabaza, velo atapinda pamiyendo, akulira. Anafika abusa atadikira maola awiri. Agogo ena sanafike n'komwe. Ku Naisi anthu anadya chiimire padzuwa, ndipo akuchimuna ankanong'onezana kuti banja limeneli ndi la bwanji.

Chiyambire tsiku limenelo, dzina la Nakhumwa linatha. Akamadutsa pamsika anyamata a kabaza amakuwa kuti, "A Lojisitiki, mtolo bwanji lero?" Iwo amangokweza dzanja. Koma zimene zinkamudya Iness si zimenezo. Azakhali ake anasiya kuwalankhula bambo ake. Anthu obadwa bere limodzi, minda yogundana malire, ankasemphana panjira ngati alendo. Azakhaliwo ankauza anthu kuti mlongo wawo anachita dala, poti sankamufuna mkamwini wa m'tauni.

Bambo ake sanamufunsepo kanthu. Tsiku lina anangoti, "Mwina Chingerezi cha kusukulu ndi cha kuofesi n'chosiyana, eti mayi?" Iness anavomera ndi mutu, n'kuthawira kukhitchini. Kumeneko nkhuni zija zinkamudikira, chifukwa paukwati sanathe ngakhale theka. Ankasonkha moto ndi bodza lake lomwe, m'mawa ndi masana, ndipo linkayaka bwino kwabasi.

Mvula itayandikira, anamva mayi ake akunena kuti chaka chino azakhali akana kufesera limodzi nazale ya mpunga, imene mabanja awiriwa akhala akufesera pamodzi kuyambira iye asanabadwe. Bambo ake anangopitiriza kukhomera khasu lomwe linali lokhoma kale.

Iness anamanga nkhuni zotsalazo kamtolo kamodzi, n'kusenza. Anawapeza azakhali ake pakhonde akupeta mpunga. Anatula mtolowo, n'kugwada chapatali.

"Akutuma a Lojisitiki?" anafunsa azakhaliwo, osakweza maso. "Ukawauze kuti nkhuni ndili nazo."

"Sanandituma, azakhali."

"Nanga?"

Iness anayang'ana nkhuku imene inkatola mankhusu pafupi ndi bondo lake.

"Ababa sanachite dala. Anandifunsa ine tanthauzo la mawu aja, ndipo ndine ndinawauza kuti ndi nkhuni."

Lichero linaima.

"Kusukulu anakuphunzitsani choncho?"

"Ayi," anatero Iness. "Sindinkawadziwa. Ndinachita manyazi kunena kuti sindikudziwa."