Ndinakanenerera Mtima wa Mwana Wanga

Mwana wanga wamkazi amathamanga mipikisano ya mtunda wautali. Kuti alowe mpikisano waukulu wa Loweruka, pankafunika kalata yosainidwa ndi dokotala. Atamumata mawaya pachifuwa, makina analavula pepala loti mtima wake ukugunda ka 44 pa mphindi, ati ndi pang'ono. Anatitumiza kwa dokotala wa mtima.

Ine ndimagulitsa nsapato za kaunjika, sukulu ndinangoinunkhiza. Chomwe ndimadziwa nchoti chikaperewera umawonjezera. Ndiye Lachitatu titafika kuchipatala ndinamukweza masitepe, nsanjika zinayi, kawiri konse, ine pambuyo ngati kochi.

"Amayi, mukuchitiranji zimenezi?"

"Kwera iwe, nambala ikwere."

Tinakhala pabenchi mphindi khumi. Mwana mtima uli zii, ngati wadzuka kumene. Ine thukuta kamukamu, mpaka namwino anabwera kudzandigwira mkono, kuyesa wodwala ndine.

Dokotala, mzimayi wamagalasi, anawerenga pepala lija osadzidzimuka. Anati othamanga ambiri mtima wawo umatero, umapopa magazi ambiri kamodzi, ndiye suchita phuma. Koma kamzere kena anakayang'ana kawiri. Cholembera chili m'manja, anafunsa ngati kubanja kwathu alipo anamwalira mwadzidzidzi ali wachinyamata.

"Palibe," ndinatero msangamsanga, mmene ndimayankhira kasitomala akafunsa ngati nsapato inamatidwapo.

"Amayi," anatero mwana. "Nanga amalume?"

Mchimwene wanga anagwa nkufera pabwalo la mpira asanakwatire nkomwe. Ife timangoti linali dzuwa. Dokotala anatula cholembera.

"Timuunike kaye mtima ndi sikani, tionenso akuthamanga pa makina. Mwina palibe kanthu. Koma masabata awiri asathamange."

"Adokotala, mpikisano ndi Loweruka. Tipange masiku awiri."

"Masabata awiri, mayi."

"Chabwino, athamange theka la mtunda. Inunso mutsikeko, nanenso ndakwera."

"Amayi, si nsapato iyi," anatero mwana, nkhope ataibisa m'manja.

Apo ndinatulutsa chida changa chomaliza, chomwe sichinandigwiritsepo mwala kumsika. Ndinanyamuka, nkuti, "Basi, tikaona kwina," nkutuluka pang'onopang'ono, kudikira mawu aja oti bwerani mayi, tikambirane.

Ndinafika pachitseko, zii. Ndinayenda mpaka pamasitepe, zii. Ndinaima pafupi ndi ndowa ya okolopa, khutu lili m'mbuyo, nkumayerekeza kuwerenga chikwangwani cha kusamba m'manja. Ndili pomwepo ndinakumbukira mmene anthu anabweretsera mtembo wa mchimwene wanga, nsapato za mpira zidakali kuphazi. Ndinatembenuka.

Nditabwerera ndinapeza mwana akulembetsa yekha tsiku la sikani. Kalata ya mpikisano ili patebulo, yosasaina.

Dokotala anandiyang'anira pamwamba pa magalasi. "Kwina kuja akuti bwanji, mayi?"

"Atseka," ndinatero. "Lembani masabata awiri omwewo. Ndipo ngati alipo masiku ochotsera, musamuchotsere."