Foni Nayo Ifunge

Mpheta zinadya ndime yonse ya kumunsi Anwar ali pomwepo pamsanja, mutu uli pa foni. Chingwe cha zitini zoingitsira mbalame chinali m'manja mwake ndithu, koma dzanjalo linali litaiwala ntchito. Mayi ake, Asiyatu, atafika kumunda wa mpunga kusikimu ya Lifuwu, anapeza ngala zili njo, zopanda kanthu ngati tsache. Mtima unawawa. Ndime zotsalazo ndizo zinali chakudya cha banja lonse.

Bambo a mwanayo, a Sulaiman, sanafune zokambirana. "Foniyi ndiitsekera m'sutikesi. Alamu anga aku Joni anatitumizira shetani m'nyumba."

"Muitsekera mpaka liti, bambo a Anwar?" anafunsa Asiyatu. "Ramadhani ino, mtsuko wa madzi mwautsekera? Uli apo pakhonde, wodzaza, ndipo palibe akumwa. Wofunga, wosala kudya ndi kumwa, amawaona madzi n'kuwasiya, poti Allah akumuona. Sutikesi siiphunzitsa mwana. M'mera mpoyamba."

M'mawa mwake anaiika yekha foniyo m'thumba la kabudula wa Anwar. "Chaka chino wayamba kufunga tsiku lathunthu ngati munthu wamkulu. Foni nayo ifunge. Usaigwire mpaka adhana ya magharibi, akaitanira kumzikiti dzuwa litalowa."

A Sulaiman anaseka mpaka kutsokomola. Anati uku ndiye kusungitsa fisi mbuzi.

Ndipo fisi anadyadi. Madzulo foni inabwera itatha moto, mwini wake maso ali pansi. Asiyatu sanakalipe, ngakhale mawu anali atafika kale pakhosi. Anakatchajitsa, m'mawa n'kuibwezera m'thumba lomwelo. Tsiku lotsatira inabwera ndi moto pang'ono. Amuna ake ankangoloza sutikesi ndi mlomo, koma mayiyu akati wagwira, wagwira.

Tsiku lina dzuwa linaswa mtengo. Asiyatu akusenda chinangwa cha futari, chakudya chomasulira madzulo, chifundo chinamugwira: mwana uja ali padzuwa, pakamwa pouma. Anamuimbira kuti abwerere, iye akamulowe m'malo. Foni inaitana, osayankhidwa. Anaimbanso, zii. Mantha anamulowa. Bwanji ngati wakomoka n'kugwera mu ngalande? Ndipo mlandu ukhala wa yani, ngati si wa mayi wamakaniyu?

Anataya mpeni, nathamanga m'mizere ya mpunga, mpango ukugwa kumutu, foni ili kukhutu, akuimbabe.

Asanafike anamva zitini. Anwar anali chiimire pamsanja, akukoka chingwe ndi manja onse awiri, akukuwa ndi mawu osasa, mpheta zikubalalika m'mwamba. M'thumba mwake foni inkalira, iye osaiyang'ana n'komwe.

"Iwe! Ukufuna kundipha? Ndakuimbira kangati?"

Mwanayo anatembenuka, milomo itang'ambika. "Munali inu? Ndimaganiza kuti ndi anzanga a mpira." Anakokanso chingwe. "Dzanja limafuna, amayi. Limafuna kwambiri. Koma ikufunga."

Asiyatu anafuna kukalipa, kuseka ndi kulira nthawi imodzi. Anazimitsa foni yake, naikulunga pansonga ya chitenje, n'kukwera pamsanja.

"Alhamdulillah," anatero, misozi ili mbwe. "Sendera uko, undipatseko chingwecho. Yanganso ikufunga."