Nyemba ya Mumdima

Faines ankasesa m'nyumba pamene tsache linagunda chitini chobisika pansi pa dengu. Atavundukula anapeza kanyemba koonda ngati ulusi, masamba ake achikasu.

"Tadala! Zonyansazi n'za ndani?"

Mwana wake, wa Sitandade 5, anathamanga n'kubwezera dengulo msangamsanga.

"Musavundukule amayi, ndi sayansi. Ine ndi Agnesi tinadzala tsiku limodzi, dothi limodzi, madzi ofanana. Yake ikhale padzuwa, yanga mumdima. Pa tsiku la makolo tikaonetsa kuti mbewu sikula bwino popanda dzuwa."

"Nanga wamumdimayo akhale iwe bwanji?"

"Kalasi inavota. Ndi demokalase, tinaphunzira."

"Demokalase yanuyo imadziwa nyumba ya malata eti?"

Agnesi anali mwana wa Lidia, mng'ono wake wa Faines. Nyumba zawo zinayang'anizana pa mtunda wina kufupi ndi Kasakula. Kwa Lidia fodya anali atayenda bwino, anakhoma malata, anagulanso wailesi. Kwa Faines denga linali laudzu lomwe lija. Sukulu itakhala yaulere chaka chimenecho, iye anati kumeneko kokha ana akafanana. Tsono taonani, ngakhale dzuwa lenilenilo apatsa mwana wa Lidia!

Nyemba ya Agnesi inali pakhonde poonekera, yobiriwira mochititsa kaso. Lidia naye pakamwa sankasunga.

"Achemwali, wodwala wanu wadzuka bwanji? Tipite naye kuchipatala ku Mtengowanthenga?"

Faines anaseka ndi mano okha, mumtima nsanje ikuwira. Iye mlimi wodziwika, amene nyemba zake anthu ankachita kudzapempha mbewu, akakhale pamaso pa makolo onse mwana wake atanyamula chinthu chofuna kufa? Ayi ndithu.

Kuyambira pamenepo, Tadala akangopita kusukulu, Faines ankatulutsa chitinicho n'kuchiika padzuwa kuseri kwa khola. Anafukula dothi n'kukwiriramo manyowa a mbuzi. Ana akamaweruka, chitini chinkakhala chitabwerera kale pansi pa dengu. Kanyemba kaja kanayamba kubiriwira, tsinde n'kunenepa. Tadala anasowa mtendere. Anafunditsa dengulo chiguduli, mawa lake anawonjezera chitenje, koma masamba ankangobiriwirabe.

"Amayi, kodi kuwala kukulowera pati?"

"Ndidziwa bwanji ine? Ndinapita kusukulu ngati?"

Tsiku la makolo linafika. Anthu anadzaza pansi pa mtengo umene unali kalasi ya Sitandade 5, ndipo Faines anakhala kutsogolo, atamanga duku latsopano. Aphunzitsi a Andireya anaitana atsikana awiriwo. Agnesi anaika chitini chake patebulo. Tadala naye anaika chake. Nyemba yake inaposa ya Agnesi kutalika ndi kubiriwira komwe. Faines anacheukira Lidia, mtima uli mbee.

Koma aphunzitsi sanamwetulire.

"Tadala, yamumdima ndi iti apa?"

"Yangayi, aphunzitsi."

"Unaisungadi mumdima?"

"Inde."

Ana anaphulika kuseka. Bambo wina kumbuyo anakuwa kuti ngati zili choncho, chaka chino alima chimanga kuchipinda.

"Kulephera si mlandu, koma bodza sindilifuna," anatero aphunzitsi. "Ndinakudalira. Kakhaleni pansi nonse awiri."

Anaitana anyamata ena awiri, ndipo kambewu kawo kofooka, kachikasu, ndi kamene kanaomberedwa m'manja. Tadala anakhala pansi atazyolika, misozi ikugwera pa yunifolomu. Faines anafuna kudzuka, koma Lidia anali pambali pake pomwepo, ndipo kuulula pamaso pa Lidia kunamukanika.

Atafika kunyumba, Tadala anakhuthulira chitinicho pabwalo. Timibulu ta manyowa a mbuzi tinagubuduka pakati pa dothi. Anatiyang'ana nthawi yaitali, kenako anayang'ana amayi ake.

"Inali yokongola kuposa ya Agnesi," anatero Faines chapansipansi. "Aliyense waona."

Tadala anatapa dothi lina, anasankha nyemba imodzi m'thumba la mbewu, anaidzala n'kuthirira. Ananyamula chitini ndi dengu lake, n'kudutsa bwalo mpaka pakhonde la malata lija. Faines anamva mawu onse ali chiimire pakhomo pake.

"Amayi aang'ono, ndikufuna aphunzitsi akaone kuti sindinaname. Mundisungire kwanu kuno, wina asaikhudze."