Alendo Anatsata Kulira kwa Munsi

Nkhani iyi ku Chirimba aliyense akuidziwa, kungoti ambiri amaikhotetsa. Mmene zinayendera ndi umu.

Mayi Vailet ankatchuka ndi thobwa la mawere komanso kadimba kawo kakuseri kwa nyumba. Tsiku lina kunabwera a Shirin a ku Limbe, amene ntchito yawo ndi kuyendetsa alendo akunja m'makomo kuti akaphunzire zakudya zathu.

"Loweruka ndibwera ndi anthu asanu," anatero a Shirin. "Akufuna kuthyola okha ndiwo, kusinja chimera ndi kulawa thobwa. Musasinthe kanthu. Akasangalala, tizibwera pano mwezi uliwonse."

Galimoto ya a Shirin isanakhote n'komwe, a Marjorie oyandikana nawo anali atasuzumira kale pampanda.

"Achemwali, ndamva bwino? Mlendo asinje? Anthu okwera ndege muwadyetse chisoso? Mutiyalutsa dera lonse inu!"

Mawuwo anawalowa Mayi Vailet. Lachisanu anazula chisoso ndi bonongwe yense ngati udzu. Mtondo anaubisa kubafa. Thobwa sanaphike, anakagula zakumwa za m'mabotolo, n'kukazinga nkhuku ndi tchipisi.

Loweruka alendo anafika atavala kale zitenje, okonzeka kugwira ntchito. Mayi wina waimvi anafunsa za mtondo, a Shirin akumasulira.

"Iyayi, akhale pansi," anatero Mayi Vailet akukoka mipando yobwereka. "Kwathu kuno mlendo sagwira ntchito."

Anthu aja anangokhala kuyang'ana mabotolo ofanana ndi omwe anawasiya kuhotela. A Shirin anakokera Mayi Vailet pambali.

"Mayi, dimba lija lapita kuti?"

"Ndalambula. Linali tchire lokhalokha."

"Tchire lakelo ndi limene anthuwa adzera! Tchipisi kwawo chiliko. Mlendo wotere ulemu wake ndi kumupatsa munsi m'manja. Ndinanena kuti musasinthe kanthu, sichoncho?"

Asanayankhe, kuseri kwa mpanda kunamveka gu! gu! gu! Mukudziwa anali ndani? A Marjorie omwe aja, akusinja mtedza wa futali. Mayi waimvi uja anadzuka, anzake n'kumutsatira. Posakhalitsa munsi unali m'manja mwake, mtedza ukuthawira pansi, anthu akufa ndi phwete.

"Lowani, lowani, kuno n'kwanu!" ankatero a Marjorie, manyazi olo pang'ono.

Mayi Vailet anatsala okha ndi nkhuku yozizira, mtima ukuwira. Anakatulutsa mtondo kubafa kuja, koma woti asinje panalibe.

Mpaka lero galimoto ya a Shirin imaima pageti la a Marjorie. Mayi Vailet anafesanso bonongwe, wamera bwinobwino, koma moni wapampanda uja anatha.

Phunziro: Musachite manyazi ndi zanu. Mlendo amene wadzera thobwa mupatseni thobwa, ndipo malangizo apampanda muziyamba mwawasefa.