Chukucha, Lavula

Pabwalo la mpira lija anthu ankamutchula kuti Chitsulo, ngakhale tsopano anali ndi imvi ndipo ankangokhalira kupala matabwa m'shopu yake ya ukalipentala. Dzinali analitenga ali mnyamata, akusewera kumbuyo, masiku amene osewera kutsogolo a matimu ena ankayamba kudwala mutu akamva kuti akumana naye. Loweruka limenelo anafika msanga n'kukhala pamalo pake pa nthawi zonse, pa benchi yachiwiri pansi pa denga la malata, pakati pa anzake awiri, Wometa ndi Aphunzitsi.

Kunatentha koopsa. Malata ankathetheka pamwamba pawo. Kapinga wa m'bwalo anali atapsa kale, ndipo mizere yoyera anangoilemba pa fumbi. Mpope wa kuseri kwa zimbudzi unali utauma kuyambira mwezi wathawo. Kutchalitchi, kutsidya kwa msewu, kwaya ya amayi inkaphunzira nyimbo za mawa, ndipo mwa mawuwo Chitsulo ankatha kusiyanitsa a mkazi wake.

"Dzuwa ili si lomwe tinakula nalo," anatero Aphunzitsi, akudzikupiza ndi nyuzipepala. "Dzikoli likutentha, anthuni. Mitengo tadula, utsi tadzaza kumwamba, ndiye tikudabwa chiyani?"

"Mwayambatu," anayankha Wometa. "Kutentha kunalipo ndi kale. Ife tinkasewera opanda nsapato dzuwa lili paliwombo, ndipo palibe amene ankalira. Sikuti nyengo yasintha, Aphunzitsi, asintha ndi anthu. Osewera a masiku ano ndi mazira. Kungomukhudza, wagwa, akugubuduka ngati wagundidwa ndi basi. Pa kanema paja chigoli chikalowa, osasangalala, tidikire kaye makina avomereze. Tsopano akuti masewero aziima pakati kuti anyamata amwe madzi. Chaka chamawa adzabwera ndi mapilo."

"Ndi dazi lanulo mukanakhala woyamba kumva kuti dzuwa lakwiya. Wometa wopanda tsitsi, mumachita kumeta anzanu ndi nsanje."

"Dazi langali lisiyeni. Tawauzani inu, a Chitsulo."

Chitsulo anamwetulira. "Ine ndimadziwa kuti Mulungu analonjeza kuti kuzizira ndi kutentha sikudzatha. Za dzuwa ndi zake Mwiniwake."

"Mwiniwake yemweyo anatipatsanso munda kuti tiusamale," anatero Aphunzitsi. Koma wezulo inalira, ndipo nkhaniyo inathera pomwepo.

Maso a Chitsulo anali pa wosewera mmodzi yekha, mwana wake, amene ochemerera ankamutchula kuti Injini chifukwa sankaima. Ankasewera pakati. M'mawa wonse anali atatsitsa matumba a simenti m'lole kuntchito kwake, kenako n'kuthamangira kubwalo. Mkazi wa Injiniyo, amene anali woyembekezera, anakhala pa benchi ya kutsogolo ndi ambulera.

Zonse zimene Injini ankadziwa za mpira anamuphunzitsa ndi bambo ake, kuseri kwa shopu, pakati pa utuchi. Lamulo lalikulu linali la madzi. Chitsulo analilandira kwa kochi wake wakale, ndipo kochiyo analilandiranso kwa ena: tsiku la masewero madzi amalemetsa mimba, amabaya m'nthiti, amafooketsa mawondo. Kuyambira m'mawa mpaka wezulo yomaliza, wosewera weniweni sameza. Pakhosi pakauma, chukucha, lavula. Injini anaphunzira zimenezi asanadziwe n'kumanga komwe zingwe za nsapato.

Chigawo choyamba chitafika pakati, woyimbira anaimitsa mpira n'kuloza kumabotolo. Bwalo lonse linachita phokoso.

"Apatseni ndi tiyi yemwe!" anakuwa Wometa. "Mabisiketi ali kuti?"

Osewera anathamangira kumzere ngati mbuzi zaludzu. Ena ankamwa mpaka madzi kutayikira pachifuwa, ena ankadzithira m'mutu. Injini anafika pomaliza. Anatenga botolo, anakweza maso kuyang'ana ku benchi yachiwiri, anadzaza m'kamwa, anachukucha, n'kulavulira pafumbi.

"Mwaona?" Wometa anamenya Chitsulo paphewa. "Magazi anu amenewo! Mwamuna watsala mmodzi m'bwalo lonseli."

Chitsulo anagwedezera mwana wake mutu, mtima uli m'mwamba. Mpongozi wake anapendeketsa ambulera n'kumuyang'ana pang'ono.

Zinayamba mu chigawo chachiwiri. Injini analandira mpira, anatembenuka bwinobwino, n'kuupereka kwa woyimbira. Anthu anafa nako kuseka. Patapita kanthawi anautenganso, nayamba kuthamangira kugolo la timu yake yomwe, goloboyi akumukuwira kuti abwerere.

"Waledzera uyo!" anafuula wina kumbuyo.

Chitsulo sanaseke. Mwana wake sankalawa mowa. Anaimirira kuti aonetsetse. Majezi a anzake onse anali atanyowa, atamatirira pamsana, koma ya Injini inali itauma, ili ndi mizere yoyera ya mchere m'mapewa. Miyendo ija imene ankaidziwa kuyambira ikukwawa inkaponda ngati ya mwana wa ng'ombe wongobadwa kumene.

Anatsikira kuwaya. "Mwana wanga! Iwe! Tayang'ana kuno!"

Injini anatembenuka. Anayang'ana bambo ake m'maso, pafupi ndithu, ndipo sanawadziwe. Milomo yake inkagwedezeka ngati akuyankhula ndi munthu wina amene panalibe. Kenako, popanda womukhudza, anagwa chafufumimba, osatsogoza n'komwe manja.

"Nayenso wayamba zodzigwetsa?" anatero Wometa. Koma mnyamatayo sanagubuduke. Anangoti zii.

Chitsulo sanadziwe mmene anadumphira waya ndi bondo lake limene linawonongeka kalekale pa mpira. Anangopezeka atagwada pafumbi, atatembenuza mwana wake. Khungu linamuwotcha m'manja ngati malata a masana. Maso anali atatembenuka, kukuoneka koyera kokha, ndipo mpweya unkatuluka mofulumira, waufupi, ngati wa mbalame yogwidwa.

Namwino wa pachipatala cha pafupi, amene ankathandiza timuyi Loweruka lililonse, anafika ndi chikwama chake n'kukankha osewera amene anaunjikana.

"Patukani, mpatseni mpweya! Wamwa madzi ochuluka bwanji lero?"

Goloboyi anati, "Samwa uyu, asisitala. Amangolavula."

"Kuyambira nthawi yanji?"

"Kuyambira kale. Ndi mmene amasewerera."

Namwino sanayang'ane munthu. Wometa, amene anali atafika akupuma movutika, anatsegula botolo kuti athire m'kamwa mwa Injini, koma mayiyo anamugwira dzanja.

"Ayi! Atsamwa, mumupha. Thupi likupsa m'kati. Tilizizitse pompano, tisanamunyamule. Vulani jeziyo. Ndikufuna mthunzi, ndikufuna madzi, onse amene alipo."

Wina anabwera ndi ndowa ya timu. Munali madzi okwana kusambitsa manja basi. Wina anathamangira kumpope, ngakhale aliyense ankadziwa kuti ndi wouma, ndipo anabwerako chimanjamanja. Namwino anathira timadzi tija pachifuwa cha Injini, ndipo tinauma akuona.

Pamenepo thupi lonse la mnyamatayo linayamba kugwedezeka. Zidendene zinkamenya pansi, mano akukukutika. Mkazi wake analira mokweza kuwaya kuja. Chitsulo anagwira mutu wa mwana wake kuti usagunde pansi, ndipo anakumbukira mayi uja wa m'Malemba amene madzi anamuthera m'chipululu, nagoneka mwana wake pansi pa chitsamba n'kupita kukakhala patali kuti asaone akufa. Nkhaniyi anaimva kambirimbiri kutchalitchi, koma anali asanadziwe kuti imawawa chonchi. Iye analibe kothawira. Kutsidya kwa msewu kwaya inkaimbabe, mayi ake a mwanayu ali momwemo, osadziwa kanthu.

"Ambuye," anatero, "amene munatsegula maso a mayi uja kuti aone chitsime, tsegulaninso athu. Mwanayu wangomvera ine. Musamulange chifukwa chomvera."

Aphunzitsi anakwera pa benchi, munthu amene sankakweza mawu ngakhale m'kalasi. "Aliyense amene ali ndi madzi aponye kuno! Ngakhale otsala pang'ono! Mwana akufa!"

Mabotolo anayamba kuuluka pamwamba pa waya, ena odzaza, ena otsala pansi penipeni, ena ofunda. Anachokera kumbali zonse, ngakhale kwa ochemerera timu ya alendo, amene posachedwapa ankamutukwana. Osewera a matimu onse awiri ankatola n'kumapatsirana. Anyamata anayi anatambasula mbendera yaikulu ya alendo pamwamba pake kuti pakhale mthunzi. Mayi wogulitsa zakumwa anakokera bokosi lake lozizira mpaka pakati pa bwalo, anakhuthulira zakumwazo pafumbi, n'kupereka ayezi yense.

"M'khosi, m'khwapa ndi m'mphechepeche," anatero Namwino. "Kupizani! Musaleke!"

Wometa anavula malaya ake n'kuyamba kukupiza, mimba ili pamtunda, dazi likuchucha thukuta. "Dzuka, mphwanga," ankatero. "Dzuka, ndidzakumeta mwaulere mpaka ukalamba. Dzuka, iwe."

Kugwedezeka kuja kunachepa, kenako kunaleka, koma maso sanatseguke. Anamukweza m'galimoto ya katundu atamukuta ndi majezi onyowa. Njira yonse Chitsulo anaika dzanja lake pachifuwa cha mwana wake, ndipo galimotoyo ikagunda dzenje n'kumusokoneza kumva kugunda kwa mtima, mtima wake womwe unkaima.

Kuchipatala anawatsekera chitseko. Anakhala pa benchi ya m'khonde, iye ndi mpongozi wake, akuyang'ana khoma lobiriwira limene utoto wake unkasupuka. Nsapato za mpira za Injini zinali pamiyendo pa mkaziyo. Dokotala anatuluka kamodzi n'kunena kuti amuika madzi a m'mitsempha, koma akuopa za ubongo ndi impso. Akadzuka n'kuwazindikira, ndiye kuti pali chiyembekezo. Akadzuka.

"Apongozi," anatero mkaziyo chapansipansi, osakweza maso. "M'mawa ndinamuikira botolo m'chikwama. Analitulutsa. Anati ababa angamve manyazi."

Chitsulo anaweramitsa mutu. Anayang'ana mimba ya mpongozi wakeyo, n'kuganiza za mwana amene angadzakule akungoonetsedwa chithunzi.

Mkazi wa Chitsulo anafika akuthamanga, atavalabe yunifolomu ya kwaya, Aphunzitsi ndi Wometa ali pambuyo. Anali atauzidwa zonse m'njira. Anayang'ana mwamuna wake kwa nthawi yaitali, ndipo Chitsulo anadikira mawu amene anamuyenera. Koma mayiyo anangogwada pa simenti, anagwira dzanja la mpongozi wake ndi la mwamuna wake, n'kuyamba kuimba chapansipansi, nyimbo ija amaimba pamene mawu a pemphero atha. Wometa anaima pakona, malaya atavala chogadamiza, osanenanso za mazira kapena mapilo.

Dzuwa litapendeka, Namwino anatsegula chitseko. "Watsegula maso. Mkazi wake alowe."

Iwo anatsala panja, akumvetsera. Sipanapite nthawi yaitali, Namwino anatulukanso, nkhope ili yodandaula.

"Bambo, tabwerani. Dokotala walola kuti ayambe kumwa pang'onopang'ono, tione ngati akutha kumeza. Koma tikamupatsa, akungolavula. Sitikudziwa ngati ndi pakhosi, kapena mutu sunabwerere."

Chitsulo analowa. Injini anali atatsamira pa mapilo, milomo itang'ambika, chubu chili pamkono. Nsalu ya pachifuwa pake inali itanyowa ndi madzi olavula. Maso ake ankayendayenda padenga. Mkazi wake anapereka kapu kwa apongozi ake n'kusendera kumbuyo.

Chitsulo analandira kapuyo. Anawerama. "Mwana wanga, ndine."

Maso aja anatsika pang'onopang'ono kuchoka padenga, anafika pankhope yake, ndipo anaima.

"Ababa," anatero Injini ndi mawu osasa. "Mpira watha?"

Namwino anapumira m'mwamba. Chitsulo anaika kapu pamilomo ya mwana wake. Injini anadzaza m'kamwa, anachukucha, n'kutembenuzira mutu kumbali kuti alavule. Bambo ake anamugwira chibwano ndi dzanja lokhakhala ndi ntchito, n'kumutembenuza kuti ayang'anane. Mnyamatayo anadikira, masaya atatupa ndi madzi, akuyang'ana bambo ake monga mmene anawayang'anira ali kumzere wa bwalo.

"Watha, mwana wanga," anatero Chitsulo, misozi ikutsikira m'ndevu. "Ndipo ngakhale usanathe, uzimeza. Ndinakuphunzitsa zolakwa. Meza."

Injini anakwinya nkhope ngati sakukhulupirira.

"Meza, ndati. Ndine bambo ako."

Onse m'chipindamo anayang'ana pakhosi pake. Kholingo linakwera, linatsika. Injini anatseka maso, anapuma, n'kutsegulanso pakamwa.

"Ena," anatero.

Chitsulo anapendeketsanso kapu, pang'onopang'ono monga ananenera Namwino, ndipo milomo yake inkathokoza Mulungu popanda mawu. Pakhomo, mayi ake a Injini anali atasiya kuimba, akungoyang'ana mwana wawo akumwa.